Holide Yokanditaya: Leeds, Manchester, Newcastle

Ndiyambe ndi tambala, chifukwa popanda iyeyo ulendowu sukanakhalapo.

Ku Leeds timapemphera m'holo ya lendi pamwamba pa sitolo ya makapeti. Lamulungu lina mu Epulo, mapemphero atatha, kunali mlandu wa matumba awiri a mpunga amene azimayi a mumpingo anaitanitsa kuchokera kumudzi n'kusowa m'kabati. Makiyi a kabatiyo ankasunga mkulu wa mpingo, a Chimkwita. Ine ndinali nditabisa kasipika kanga pansi pa tebulo la kutsogolo, foni ili m'thumba la jekete. A Chimkwita anakana koyamba, anakana kachiwiri, ndipo atangokweza dzanja kachitatu kuti za mpungazo sakuzidziwa, ndinadina. Tambala analira holo yonse. Aliyense wopita kutchalitchi amadziwa tanthauzo lake. Azimayi anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedera, abusa anayamba kufufuza vesi imene palibe anawafunsa. Mpaka lero cholakwa changa sindichiona, pajatu mpunga unabwerera m'kabati sabata yomweyo. Koma Amami, amene ndi namwino ndipo saseka wamba, anandilanda foni ndi kasipika komwe, n'kutha masiku atatu osandilankhula.

Ndiye Adadi atabwera ndi nkhani ya holide patangopita milungu iwiri, ndinayenera kukayikira. Chikomekome cha mkuyu. Koma anadziwa pondigwirira.

Chaka chonse ndinakhala ndikuonera mavidiyo a mabanja a ku America oyenda pa zigalimoto zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo, akuzungulira mapaki a kumadzulo kwa dziko lawo, ku Yellowstone, ku Grand Canyon, m'zimapiri zofiira zija. Adadi ankaonera nane akaweruka ku weyahausi, nsapato atavula, n'kumati tsiku lina, Tiya, tsiku lina. Tsopano anati ku America ziphaso n'zovuta, koma England nayenso ali ndi kumadzulo kwake. Mnzawo wa kuntchito, Darren, anali atavomera kutibwereka kampavani yake, galimoto yogonamo, sabata yathunthu ndikangomaliza mayeso a GCSE. Tipita ku Lake District, dera la nyanja ndi mapiri, ndipo wokonza ulendo wonse ndikhala ine.

Ndinaukonza ngati ukwati. Ndinagula mapu aakulu n'kuwamata pakhoma la kukhitchini. Lamulungu lililonse masana ine ndi Adadi tinkaima pamenepo, iwo ndi kapu ya tiyi, ine ndi timasitika tofiira. Apa tikwera phiri, apa tikwera bwato, apa pali famu yolola anthu kugona m'munda. Timasitika tinakwana khumi ndi kamodzi. Tinkakangana ngakhale za amene adzagone bedi lapamwamba, ndipo Adadi ankaseka mpaka kutsamwa tiyi. Izi ndikuzinena kuti mudziwe: munthuyu anaima patsogolo pa mapuwo Malamulungu onse aja, akudziwa. Amami anangopempha zinthu ziwiri. Popita tidutse ku Manchester kukapereka moni kwa Anti Esinati, mnzawo wa kusukulu ya unamwino, ndipo pobwerera tikaone Ankolo Lyson, mchimwene wawo, ku Newcastle.

Tinanyamuka Lachinayi mmawa kumapeto kwa Julaye. Kampavani ya Darren sinali ngati za m'mavidiyo. Mtundu wake unali wa tiyi wamkaka wozizira, m'kati munkanunkha galu, ndipo poiliza inkatsokomola katatu isanavomere. Ndinaitcha Chifuwa tisanatuluke mu Leeds. Foni yanga inali idakali m'ndende, choncho Amami anandipatsa yawo kuti ndiziwerenga mapu ndili pampando wakutsogolo. Pobayira chaja panali pamodzi pokha, ndiye foni ya Adadi inazima tsiku lomwelo n'kukagona m'kabokosi ka pa dashibodi. Zimenezi muzisunge, zigwira ntchito kutsogoloku.

Msewu wa M62 umakwera phiri lopanda mtengo, nkhosa zokhazokha ndi mphepo. Titatsala pang'ono kufika pamwamba, Chifuwa anayamba kutulutsa nthunzi ngati ketulo. Adadi anapatukira m'mbali, tonse tinatsika n'kukaima kuseri kwa chitsulo chotchinga msewu monga mwa lamulo, malole akutimenya ndi mphepo. Okonza anati afika pakatha ola limodzi. Ola linatha, tinaimbanso, anati ali pafupi. Tinadya mazira owiritsa onse a masiku awiri, mchere ukuuluka tisanauthire. Amami anafunda chitenje kumutu n'kukhala pa bokosi la zoziziritsa. Ine ndinayesa kuphunzitsa nkhosa ina kuyankha moni wa Chichewa, ndipo inkayankha bwino kuposa ana ena a kumpingo kwathu. Adadi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati kulikonse kumene ndingadzakhale ndisadzasiye kuseka chonchi. Ndinaganiza kuti mphepo yawalowa m'mutu. Wokonza anafika patatha maola atatu, anasintha kapaipi ka madzi, n'kutichenjeza kuti tisamathamange, ngati kuti Chifuwa anayamba wathamangapo.

Ku Manchester tinafika cha m'ma 4 koloko, tikuzembana ndi matramu, sitima zoyenda mumsewu, amene Adadi ankawaopa kuposa apolisi. Anti Esinati anandikumbatira nthawi yaitali kuposa mmene munthu amakumbatirira mwana wongopita kukaona nkhosa. Pa chakudya anandiwonjezera nyama kawiri, akuti ndidye ikadalipo. Kenako anapemphera. Anapempherera msewu, anapempherera dalaivala, ndiyeno anapempha kuti Tiyamike atetezedwe kwa udzudzu ndi malungo kumene akupita. Ndinatsegula diso limodzi. Amami anali atatsegula onse awiri, akuwayang'ana Anti ngati awameze.

Titati ameni ndinafunsa ngati ku Lake District kuli malungo. Anti anati masiku ano nyengo inasintha, munthu sungadziwe.

Tinagona mu Chifuwa pakhomo pawo. Mmawa tikunyamuka, Anti anatuluka ndi majumbo atatu omangidwa ndi selotepi, lililonse lili ndi dzina ndi nambala ya foni ya kumudzi.

"Ndayeza kale, asisi," Anti anawanong'oneza Amami, koma kunong'ona sadziwa. "Sakupitirira makilo asanu."

Amami anawakankhira pansi pa bedi mofulumira n'kundiuza kuti tikungowasungira.

Tsono ine ku Malawi ndinachoka ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma khalidwe ili ndimalidziwa bwino. Mmalawi wa kuno akhoza kukusungira chinsinsi cha mimba, cha ntchito, ngakhale cha mapepala. Koma ukamuuza kuti ukupita kumudzi, sangapirire. Mtima umamuwawa akaganiza za malo opanda kanthu m'sutikesi mwako pamene mayi ake ku Area 25 alibe mankhwala opaka miyendo. Amalumbira kuti sauza munthu, n'kungouza mmodzi yekha, amenenso ali ndi kafoni kotumiza kwa mphwake. Tili pa msewu wa M6, ndikufuna supuni m'dirowa la kampavani, ndinapeza sikelo yathu ya katundu, ija ya kangowe, imene imatuluka m'kabati pokhapokha wina akamakwera ndege.

Pamalo opumira pafupi ndi Preston panali mayi wina amene sindinamuonepo, ataima pafupi ndi galimoto yake ndi kachikwama m'manja. Akuti anangotipeza mwangozi. Mwangozi momwemo anandilangiza kuti ndizikamvera aphunzitsi. Amami anapita naye kuseri kwa lole kukanong'onezana, foni yawo ili yotsegula pamiyendo panga. Sindinavutike. Mu imelo munali matikiti a ndege a kumayambiriro kwa Seputembala. Opita anali awiri, ine ndi Amami. Wobwerera anali mmodzi. Pansi pake panali kalata ya sukulu ina ya atsikana yogonera konko, kufupi ndi Dedza, ndi mndandanda wa zofunika: ndowa, neti, bulangete, tsitsi lometa. Panalinso uthenga wa Amami wopita kwa Adadi, woti andiuze tsiku lomaliza, tikakhala m'mbali mwa madzi, mtima wanga uli m'malo.

Kumudzi sindidana nako. Akanandifunsa, mwina ndikanalira, ndikanakana, kenako ndikanaganiza. Koma kundizungulitsa m'makomo kuti anthu anditsanzike, ine mwini ndikuti ndili pa holide, kundikankhira pansi pa bedi ngati jumbo la Anti Esinati, ayi. Za Amami sindinadabwe, iwo anali atanena kangapo m'maso muli gwa kuti tsiku lina adzanditumiza. Chinandiwawa ndi kapu ya tiyi ija patsogolo pa mapu.

Ndinaganiza zowapatsa Adadi mwayi katatu, monga anaulandira a Chimkwita.

Ku Lancaster akuthira dizilo, ndinatsika n'kuima pambali pawo. Ndinafunsa ngati pali chimene sanandiuze za ulendowu. Anati palibe, maso ali pa pampu.

Chikwangwani cha ku Lake District chitaonekera ndinawauza kuti akhotere kumanzere. Amami ali kumbuyo anati pulogalamu yasintha, Ankolo amapuma Loweruka lokha, tiyambe ku Newcastle, nyanja sithawa. Adadi anapitirira mphambano ija osachepetsa n'komwe liwiro. Mapiri amene ndinawamata timasitika ndinawaonera pawindo, ali buluu patali. Ndinafunsa chapansipansi kuti kwa Ankolo tikukatani kwenikweni. Anati kukangocheza.

Ku Carlisle Amami analowa m'sitolo kukagula nkhuku yolimba ija ndi shati ya Ankolo. Munthu wokangocheza kwa mchimwene wake sagula shati. Apo ndinazindikira kuti Ankolo sanauzidwe. Ife ndife a ku Mchinji. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani yaikulu ya mwana siyenda iye asanavomere. Amami anali atagula matikiti, atauza Manchester, Manchester atauza Preston, ndipo tsopano ankapita ndi nkhuku kukapempha chilolezo cha chinthu chakupsa kale.

Tinatsala awiri m'galimoto, mvula ikuwaza.

"Adadi, Seputembala ndikhala kuti?"

Anapukuta galasi ndi dzanja ngakhale linali loyera. "Kusukulu, nanga kuti?"

"Ya ku Leeds?"

"Ukufunsa mafunso ambiri lero, Tiya. Palibe chilichonse, mwanawe."

Kasipika kanali kolandidwa, choncho tambala sanalire. Ndinangotenga foni ya Amami, n'kutsegula gulupu ya Amalawi a kumpoto kuno, n'kulemba mwaulemu wonse mmene iwo amalembera. Ndinati okondedwa mwa Ambuye, ine ndi mwana tikupita kumudzi mu Seputembala ndipo tapatsidwa malo ambiri a katundu, chachikulu kapena chaching'ono musachite manyazi, tili ndi galimoto yaikulu, mutipeze mawa 2 koloko kwa achimwene a Lyson ku Newcastle. Ndinaika adiresi ndi timanja topemphera titatu. Kenako gulupuyo ndinaitseka pakamwa, mafoni olowa ndinawatsekanso, kuti mapu asasokonezeke. Ankolo m'gulupumo anatulukamo kalekale, anatopa ndi mauthenga a mabefide.

Tsiku limenelo tinagona m'munda wa makampavani kufupi ndi Hexham, m'chigwa mmene netiweki sifika, zimene ndinaziona ngati dalitso. Oyandikana nafe anali ndi chigalimoto chonyezimira ngati za m'mavidiyo, ndipo ankatiyang'ana Adadi akulimbana ndi chingwe cha magetsi chimene chinaperewera pang'ono pokha. Dzuwa likadalipo Amami anandiitana kuti andiluke. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo, zala zawo zikuyenda m'mutu mwanga modekha kuposa masiku onse, akuimba chapansipansi. Ankaluka tsitsi limene ankadziwa kuti likupita pa lezala. Ngati ndinali ndi kamtima kobweza uthenga uja, kanathera pamenepo. Mmawa anafunsa ngati pafoni pali uthenga. Ndinati kuli zii.

Tinalowa mu Newcastle Loweruka 2 koloko itadutsa pang'ono, Chifuwa atatsokomola msewu wonse wa A69. Mumsewu wa Ankolo munalibe poimika. Magalimoto mabuti ali yasa, anthu ali pamzere kuyambira pageti mpaka pa sitolo ya pakona, ena atabwera pa sitima ya Metro ndi zikwama za mizeremizere zija. Ndinaona mayikulowevu, njinga ya mwana, ndodo zoyendera, diresi la ukwati m'pulasitiki, ndi bambo wina wa ku Sunderland atakoleka tayala la galimoto paphewa. Atangoona kampavani anayamba kuomba m'manja. Amami anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinawabwezera foni yawo.

Ankolo Lyson, amene amayendetsa basi ndipo sanachedwepo chibadwire, anali pakhomo manja atapinda pachifuwa. Anauza anthu kuti adikire, ife anatilowetsa pabalaza n'kutseka chitseko. Nkhuku ija inali m'jumbo pamapazi pa Amami, ikusungunukira pa kapeti. Moni anapereka wonse bwinobwino, mmodzimmodzi, osadumpha, ndipo zimenezo n'zimene zinaopsa kwambiri. Kenako anatembenukira kwa Amami.

"Achemwali, mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza?"

Amami anayamba kufotokoza za tambala, za makalata ochokera kusukulu, za tsiku lija ndinathira utoto wa buluu m'botolo la sopo wa aphunzitsi. Ankolo anawadula n'kufunsa kuti matikiti anagulidwa liti. Amami anati mu Meyi.

"Mu Meyi. Ndiye nkhani ya mwana wa mlongo wanga ndiimve mu Julaye, pakhomo panga, kwa munthu wonyamula tayala?" Anatembenukira kwa Adadi. "Nanga inu alamu, mwambo mumaudziwa. Munali kuti?"

Adadi anayang'ana kapeti. Apo ndinatulutsa sikelo ija m'thumba la jekete n'kuiika patebulo.

"Ine munandiyeza kale, Adadi? Ndakwana makilo angati?"

Panja wina ankafunsa ngati mabatire a sola akuloledwa.

Ankolo anagamula ali chikhalire. Mbumba yawo siikwera ndege mozemba, Tiyamike sapita. Ndisanamalize kumwetulira anandiloza chala. Anati ndisaseke, ku Leeds ndawakanika anthu awiri akuluakulu, tsono zaka ziwiri zotsala za sukulu ndikhala kwa iwo, kudzuka 6 koloko, kutchalitchi mpando wa pambali pawo. Anzanga a ku Leeds ndizidzawaona pa holide. Za katundu anati foni imene inaitana anthu ndiyo iwabweze.

Amami anatuluka kukapepesa mmodzimmodzi, ndipo zinatenga mpaka madzulo. Tikiti yawo inali yoti sakanabwezeredwa ndalama, ndiye analonjeza kunyamula zing'onozing'ono zokwana m'masutikesi awiri. Mtsikana amene anabweretsa diresi la ukwati lija analira, akuti mchemwali wake akukwatiwa mu Okutobala. Ameneyo yekha ndi amene anandigwira mtima, moti diresilo ndinalipinda ndekha n'kuliika pamwamba pa zonse za Amami. Koma anthu ena anali atangotula katundu pageti n'kuthamangira ku shifiti, ndipo zonsezo zinalowa mu Chifuwa, tayala lomwe.

Lamulungu Amami anakwera sitima kubwerera ku Leeds, ntchito inali kuwadikira. Pa siteshoni anandiuza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa Amalawi onse a kumpoto. Ndinayankha kuti anga manyazi anandikonzera kuti ndikawaone ndekha pa eyapoti ya ku Lilongwe. Anandikonza kolala ya jekete mwaukali ngati akuimenya.

Masiku otsalawo ine ndi Adadi tinasanduka a positi. Sunderland, Middlesbrough, Darlington: kugogoda, kupepesa, kutula. Opepesa anali iwo, ine ndinkangonyamula. Bambo wa tayala uja anatikhazika pansi, anatipatsa sikonzi, n'kufunsa ngati chaka chamawa malo adzapezeke. M'galimoto tinkalankhula za kumanzere ndi kumanja basi. Lachiwiri tinadula msewu wa A66 kubwerera kumadzulo ndi katundu womaliza, mayikulowevu ya mayi wina wa ku Lancaster. Titafika pa Penrith, Adadi anapitirira mphambano ya M6 yopita ku Lancaster. Ndinawauza kuti asochera. Anati akudziwa. Posakhalitsa tinali pa famu ija yolola anthu kugona m'munda, m'mbali mwa nyanja ya Ullswater, kasitika ka nambala 7. Mwa khumi ndi kamodzi, ndi kokhako kamene tinakapondapo.

Mmawa kunali nkhungu, nyanja yosaoneka n'komwe. Adadi anaphika tiyi pa kasitovu ka Darren, tinakhala pakhomo la Chifuwa, mayikulowevu ili pakati pathu ngati tebulo. Ankazunguza supuni m'kapu shuga atasungunuka kalekale. Kenako kuseri kwa khola la mwini famu kunamveka tambala, weniweni, wa nthenga, wopanda batire. Analira kamodzi, n'kubwereza.

Adadi anandiyang'ana m'manja kaye. Ndinawaonetsa onse awiri, opanda kanthu.

Anaika kapu pansi.

"Ndamumva," anatero. "Pepa, Tiya."

Ndinadikira kuti anene kuti nanenso ndipepese. Sananene, ndipo anachita bwino, chifukwa ndikanawanamiza, pamene m'banja mwathu abodza anali atakwana kale. Ndinangowathirira tiyi wina. Bedi lapamwamba sindinawapatse.